Injini ikulira bwino koma boti silikuthamanga: nkhani ya slip ya pulopela

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Chilomoni, kuno ku Blantyre. Ali ndi boti la injini ya 90 hp lomwe amalisunga ku Mangochi, ndipo mwezi ukatha amapitako ndi banja lawo. Alemba kuti: "Ndikatsegula mafuta onse injini imafika 5,500 rpm, koma GPS ya pafoni imangoti makilomita 54 pa ola. Pulopela yanga ndi ya pitch 17, giya yake ndi 2.0. Mnzanga akuti vuto ndi slip, ndigule pulopela ya chitsulo chosachita dzimbiri. Slip n'chiyani, nanga ndiguledi?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba.

Tiyambe ndi bawuti ndi nati. Bawuti ikazungulira kamodzi, imalowa mu nati mtunda womwewo nthawi zonse, chifukwa chitsulo sichithawa. Nambala 17 ija, yomwe ndi pitch, ikutanthauza kuti pulopela yanu ikanakhala ikuzungulira m'chinthu cholimba ngati nati, ikanasuntha mainchesi 17 pa kuzungulira kulikonse. Koma madzi amathawa. Mtunda womwe pulopela inayenera kuyenda, kuchotserapo womwe boti layendadi, ndiye slip. Musaiyese mdani yonseyo ayi. Pulopela imakankha boti poponya madzi kumbuyo, ndiye slip itakhala ziro, botilo silingakankhidwe n'komwe. Funso ndi lakuti yachuluka bwanji.

Tiwerengere manambala anu omwewo. Injini ikazungulira ka 5,500 pa mphindi (ndiyo rpm ija), giya ya 2.0 imapangitsa pulopela kuzungulira ka 2,750. Chulukitsani ndi 17, kenako ndi 0.001524, nambala yosinthira mainchesi pa mphindi kukhala makilomita pa ola. Mupeza 71, liwiro lomwe boti likanayenda pakanapanda slip. Inu mukuyenda 54, kusiyana kwake ndi 17, ndipo 17 pa 71 ndi pafupifupi 24 peresenti. Boti laling'ono lothamanga pamwamba pa madzi, likakhala bwino, slip yake imakhala cha m'ma 10 mpaka 15 peresenti. Ndi 12 peresenti inu mukanaona makilomita 62 kapena 63. Mnzanuyo sananame, slip ilipodi. Pomwe ndikusiyana naye ndi pa mankhwala ake.

Musanakhulupirire 24 imeneyo, yezaninso. Pitani m'mamawa nyanja ili bata, osati masana mwera utayamba, makamaka miyezi ya June mpaka August. Thamangani kupita ndi kubwerera, mutenge nambala ya pakati. Pa Shire musayezerepo, madzi oyenda amanamiza GPS. Wotchi ya rpm nayonso imatha kunama ngati inatcheredwa molakwika kumbuyo kwake, ndipo makaniko ali ndi kachipangizo koiyezera.

Nambala ikatsimikizika, tukulani injini mugwire pulopelayo ndi manja. Yendetsani chala m'mphepete mwa phiko lililonse. Ku Cape Maclear, cha ku chilumba cha Thumbi, miyala yomwe mbuna zimabisalamo ija siikhululuka, ndipo pulopela ya aluminiyamu imapindika ndi kukhudza pang'ono chabe. Phiko lopindika kapena lodyeka ndi mchenga wa pagombe silikhalanso ndi pitch yomwe inalembedwa. Yang'ananinso kumbuyo kwa pulopela ngati mwakulungika chingwe cha ukonde, kapena namasupuni ngati munadutsa ku Malombe ndi ku Liwonde.

Chomwe ndikukayikira kwambiri ine ndi labala wa m'kati. Mapulopela ambiri ali ndi labala pakati, yemwe anaikidwa dala kuti mukagunda mwala, labalayo agonje m'malo mwa magiya. Akagonja kamodzi, amayamba kuterera mukatsegula mafuta ambiri: shafiti ikuzungulira, mapiko akutsalira. Zinandichitikira chaka china ku Monkey Bay. Boti linkanyamuka bwinobwino pang'onopang'ono, koma ndikangowonjezera moto, injini inkakuwa ngati minibasi yotitimira m'matope a ku Ndirande, matayala akupota koma osasuntha. Makaniko wina anandisinthitsa mapulagi ndi fyuluta, ndalama zinapita, vuto lili pomwepo. Anandiwombola ndi mkulu wina woyendetsa boti la alendo. Anatenga penti wa zikhadabo wa mwana wake, n'kulemba kamzere kuchokera pakati pa pulopela kufika pa chitsulo chakunja. Titazungulira mphindi zisanu n'kutukula injini, kamzere kaja kanali kataduka, mbali ina uku ina uko. Ndinangoti zikomo bambo, manyazi ali tho. Yesani zimenezi musanachite china chilichonse, sizilira ndalama.

Labala akakhala bwino, onani kutalika kwa injini. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala. Boti lili pa ngolo, injini itaima chilili, ikani thabwa lowongoka pansi pa boti, ndipo kachitsuloko kakhale pafupifupi mulingo umodzi ndi thabwalo. Kakakwera kwambiri, pulopela imayamwa mpweya kuchokera pamwamba n'kumapota m'thovu. Mudzazindikira pokhota: rpm imalumpha mwadzidzidzi, boti n'kufooka. Kutukula trim (kapendekedwe ka injini kumbuyo kwa boti) mopyola muyeso kumachitanso chimodzimodzi. Nyamukani injini itatsitsidwa, muziitukula pang'onopang'ono maso ali pa GPS, ndipo rpm ikamakwera liwiro osakwera, bwezani pang'ono.

Palinso nkhani ya katundu, yomwe a Malawi sitikonda kuimva. Boti la anthu asanu takwezamo asanu ndi atatu, makireti, mbaula, zigubu za petulo, zonse zaunjikana kumbuyo. Boti lolemera limakumba madzi, pulopela n'kumavutika, slip n'kukwera. Lanu mwati limakhala ku Mangochi. Ngati limagona m'madzi mwezi wonse, pansi pake pamera ndere, ndipo ndere zokhazo zimadya liwiro moonekeratu. Litsukeni, mutsegulenso potulutsira madzi muone ngati silinamwe.

Zonsezi zikakhala bwino slip n'kukhalabe pamwamba pa 15, apo tsopano tikambe zogula. Pulopela ya chitsulo chosachita dzimbiri ili ndi mapiko opyapyala osapindika ikalemedwa, ndipo zambiri zimakhala zopindidwa pang'ono kumapeto kwa phiko kuti zigwire madzi. Ya mapiko anayi imagwira bwino ponyamuka ndi pokoka munthu wa ski (wotsetsereka pamadzi kumbuyo kwa boti), ngakhale liwiro la pamwamba limatha kutsika pang'ono. Koma chitsulo n'cholimba, mukagunda mwala mphamvu yambiri imapita ku shafiti ndi magiya, zomwe n'zodula kuposa pulopela. Kwa munthu wokonda kuyenda m'miyala, ine ndimati akhale ndi aluminiyamu ziwiri, ina yapadera pansi pa mpando.

Musathamangirenso kukweza pitch poganiza kuti 19 ithamanga kuposa 17. Inchi iliyonse yowonjezera imatsitsa rpm ndi 150 mpaka 200, ndipo injini ikalephera kufika pa rpm yomwe buku lake likunena, mukuipha pang'onopang'ono. Slip ikatsika, pulopela imagwira madzi kwambiri, choncho 5,500 yanuyo ikhoza kutsikanso yokha.

Mukapita kumapeto kwa mwezi uno, tengani penti wa zikhadabo kwa alamu, mundilembere rpm ndi liwiro la maulendo onse awiri, komanso munene kuti m'botimo munali anthu angati.