Kodi moto wa mu 1871 ndi umene unabala nyumba zosanjikizana za ku Chicago?

Mmodzi wa owerenga, amene akuti akuphunzira ntchito ya zomangamanga, wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinamva kuti nyumba zazitali zosanjikizana zinayambira ku Chicago chifukwa cha moto umene unapsereza mzindawo. Kodi zimenezi ndi zoona, nanga moto ungachititse bwanji anthu kumanga mokweza m'mwamba?" Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Yankho langa ndi lakuti motowo unangolambula malo, koma chimene chinakankhira nyumba m'mwamba ndi kuchepa kwa malo pakati pa mzindawo, ndipo kuti mumvetse zimenezi tiyenera kubwerera m'mbuyo motowo usanabuke.

Chicago inamangidwa padambo, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, pamene mtsinje wa Chicago unkathira m'nyanjamo. Mu 1837, pamene malowa anapatsidwa udindo wokhala mzinda, munali anthu pafupifupi 4,000 okha, koma pofika 1870 anali atakwana pafupifupi 300,000. Chimene chinakopa khamu lonseli ndi mayendedwe, pakuti mu 1848 kunatsegulidwa ngalande ya Illinois and Michigan yolumikiza nyanja zikuluzikulu za kumeneko ndi mitsinje yopita ku Mississippi, ndipo chaka chomwecho njanji yoyamba inayamba kugwira ntchito. Tirigu, matabwa ndi ziweto zinkadutsira pamenepa, ndipo nyumba zambiri zinkamangidwa mofulumira ndi matabwa opepuka ongokhomerera ndi misomali.

Pali nkhani ina ya nthawi imeneyo imene ine ndimaiona kuti ndi yodabwitsa kuposa ya motoyo. Popeza mzindawo unali pafupifupi mulingo umodzi ndi nyanja, madzi oipa analibe kolowera, misewu inali matope okhaokha ndipo kolera inkapha anthu. Kuyambira cha m'ma 1855, potsatira mapulani a injiniya Ellis Chesbrough, akuluakulu a mzinda anayala mapaipi a zonyansa pamwamba pa nthaka n'kuwakwirira, zimene zinakweza misewu ndi mamita awiri kapena kuposa m'malo ena. Eni nyumba anakakamizika kunyamula nyumba zawo ndi majeke kuti zifanane ndi msewu, moti mu 1861 hotela yanjerwa ya Tremont House inakwezedwa alendo ali momwemo. Amisiri a kumeneko anazolowera kale kulimbana ndi nthaka yofewa nyumba zazitali zisanaganiziridwe n'komwe.

Moto unabuka pa 8 October 1871 ndipo unazima pa 10 October. Unapha anthu pafupifupi 300, unawononga nyumba zoposa 17,000, ndipo anthu pafupifupi 100,000 anasowa pokhala. Koma taonani chimene chinatsatira. Nyumba zimene zinamangidwa motowo utangozima sizinasiyane kwenikweni ndi zakale: zambiri zinali za nsanjika zinayi kapena zisanu, kungoti tsopano pakati pa mzinda malamulo anayamba kufuna njerwa ndi miyala m'malo mwa matabwa. Kenako mu 1873 chuma cha dziko la America chinagwa, ntchito yomanga n'kuzilala. Nyumba ya Home Insurance, imene ambiri amaitchula kuti ndi yoyamba mwa nyumba zazitali zamakono, inatha mu 1885, patadutsa zaka 14, ndipo zina mwa nyumba zimene zinagwetsedwa kuti zazitalizo zipeze malo zinali zomwe zija zomangidwa pambuyo pa moto.

Vuto lenileni linali lakuti chigawo cha malonda, chimene masiku ano chimatchedwa Loop, chinali chopanikizika mbali zonse: nyanja kum'mawa, mtsinje kumpoto ndi kumadzulo, ndipo kum'mwera kunali mabwalo a sitima zapamtunda. Anthu ankachulukirachulukira, mpaka kupitirira 1 miliyoni mu 1890, ndipo kampani iliyonse inkafuna ofesi pamalo aang'ono omwewo. Mtengo wa puloti utakwera chotero, mwini malo sakanabweza ndalama zake pokhapokha atasanjikiza maofesi ambiri a lendi pa puloti imodzi. Chikepe chinali chitapezeka kale, pakuti Elisha Otis anali atapanga chikepe chokhala ndi mabuleki ochigwira chingwe chikaduka, ndipo mu 1857 chinayamba kunyamula anthu m'sitolo ina ku New York. Chisanabwere chikepe, zipinda zam'mwamba zinali zotsika mtengo chifukwa palibe ankafuna kukwera masitepe. Chitabwera, zipinda zomwezo zinasanduka zosiririka chifukwa cha kuwala ndi mpweya wabwino.

Chotsalira chinali khoma, ndipo pano inu amene mukuphunzira zomangamanga mumvetsa msanga. Ngati khoma lanjerwa ndi limene likusenza nyumba, ndiye kuti nsanjika iliyonse yowonjezera imafuna kuti khoma la pansi linenepe. Nyumba ya Monadnock, imene Daniel Burnham ndi John Root anajambula ndipo inatha mu 1891, ili ndi nsanjika 16, koma makoma ake pansi ndi onenepa pafupifupi mamita 1.8. Khoma lotere limadya malo amene akanabweretsa lendi, limachepetsa mawindo, ndipo kulemera kwake kumamiza nyumba m'dongo lofewa la ku Chicago. William Le Baron Jenney anatsata njira ina pa nyumba ya Home Insurance ija ya mu 1885, ya nsanjika 10 ndi kutalika kwa mamita 42. Iye anaimika chimango cha mizati ndi mitanda yachitsulo kuti chisenze mbali yaikulu ya katundu, khoma n'kuyamba kusanduka chophimba chabe. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati nyumbayi ikuyeneradi kutchedwa yoyamba, popeza makoma ake ena ankasenzabe katundu komanso ku New York kunali kale maofesi aatali okhala ndi zikepe, ndipo ine ndimaona kuti mkanganowo ndi wopanda phindu lalikulu. Chofunika ndi chakuti patangopita zaka 10, nyumba ya Reliance ya mu 1895 inali ndi makoma amene mbali yaikulu ndi magalasi.

Musaganize kuti anthu onse a mumzindawo anasangalala. Mu 1893 khonsolo inaletsa kumanga nyumba zopitirira mamita pafupifupi 40, ndipo ngakhale kuti malirewo anasinthidwa kangapo, kwa zaka zambiri mpikisano wa kutalika unasamukira ku New York. Chicago inabwereranso patsogolo chifukwa cha injiniya Fazlur Rahman Khan, wobadwira ku Dhaka, amene anazindikira kuti nyumba ikatalika kwambiri mdani wake wamkulu ndi mphepo, choncho anaika mphamvu ya chimango kunja kwa nyumba kuti yonse iime ngati paipi imodzi yolimba. Nzeru imeneyi ndi imene inaimika John Hancock Center ya nsanjika 100 komanso Sears Tower ya mamita 442, imene inakhala yaitali kuposa zonse padziko lapansi mpaka 1998 ndipo kuyambira 2009 imatchedwa Willis Tower.

Nyumba ya Home Insurance inagwetsedwa mu 1931, choncho mungaione pazithunzi zakale zokha. Monadnock ikadalipo, ndipo mukapeza chithunzi chake muyang'anitsitse mawindo a pansi, muone mmene analowera mkati mwa khoma, kenako muwayerekeze ndi a nyumba ya Reliance imene inatha patangodutsa zaka zinayi.