Mapointi 11 angamulowetse ku sukulu ya udokotala?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wakhoza MSCE ndi mapointi 11 ndipo mtima wake uli pa udokotala ku KUHeS, yunivesite ya boma ya maphunziro a zaumoyo. Amalume ake akuti ayesenso Oxford kapena Harvard. Kodi amene amafunsira malo m'sukulu zimenezi amakhala okhoza motani? Wangayu angafikepo?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mwanayo wagwira ntchito, muyamikireni. Koma dziwani kuti amene adzapikisane naye ambiri ndi okhoza ngati iye, ena kuposa. Wosiyidwa pa maphunziro ngati amenewa kawirikawiri sakhala wolephera, malo ndi amene amachepa.

Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino kwambiri, ndipo opambana onse ndi 6. Kuti afunsire malo m'mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, afunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Izi zimangomulola kulowa mumpikisano, sikuti wasankhidwa kale.

Apa ndi pomwe makolo ambiri amasokonekera: amangoyang'ana mapointi onse pamodzi. Pa udokotala, tengani chikalata cha zotsatira muone Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Ngati ma 1 ake ali pa Chichewa, Agriculture ndi Bible Knowledge koma Chemistry ali ndi 4, angathe kugonja kwa mnzake wa mapointi 13 amene sayansi yake yonse ndi 1 ndi 2. Ngati sayansi yake ili bwino chotero, afunsire mopanda mantha.

Chimene chimagwetsa ana okhoza ndi kadzazidwe ka fomu. Amalemba maphunziro okhaokha amene aliyense akuthamangira, onse n'kuwaphonya, n'kukhala chaka chathunthu pakhomo. Zimatiwawa, chifukwa n'zopeweka. Udokotala aulembe poyamba, koma aikeponso ena amene angawakonde ndi mtima wonse, monga unamwino, udokotala wa ziweto ku LUANAR konkuno ku Bunda, kapena sayansi ya zaumoyo ku MUST.

Za amalumewo, nkhani yake ndi ina. Ku Oxford, ku England, MSCE yokha siikwana; amafuna A-level, imene kuno imaphunzitsidwa m'sukulu zochepa monga Kamuzu Academy. Pa udokotala amafuna magiredi a A*AA pa A-level kuphatikizapo Chemistry, mayeso ena apadera, ndi kufunsidwa mafunso pakamwa, ndipo fomu ya UCAS, yofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain, imayenera kufika pasanadutse 15 Okutobala. Ambiri okanidwa amakhala nawo magiredi amenewo.

Ku Harvard, ku America, mwa anthu 100 ofunsira osankhidwa safika 5. Poti okhoza ndi ochuluka, amasiyanitsa poona makalata a aphunzitsi, nkhani imene mwana walemba yofotokoza za moyo wake, ndi zimene wachita kunja kwa kalasi. Komanso ku America udokotala amauyamba munthu atatha digiri yoyamba, choncho kwa mwana wanu njira yachidule ndi ya KUHeS yomweyi.