Tabuleti Yanga Ikungoima pa Dzina la Kampani: Kodi Ndikaifulashitse?

FUNSO

Zikomo a Mlangizi. Ine ndine mayi wokhala m'boma la Mchinji, ndipo ndine mlembi wa gulu lathu la banki m'khonde. Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira tabuleti ya Android zaka ziwiri zapitazo, imene iwo anali atayamba aigwiritsapo ntchito. M'menemo ndimasungamo zithunzi za masamba a kaundula wa gulu komanso zithunzi za malemu mayi anga. Sabata yatha inalemba kuti ikufuna kulandira pulogalamu yatsopano ndipo ndinavomera, koma ili mkati mochita zimenezo magetsi anathima, moto n'kutha. Kuchokera tsiku limenelo ndikaiyatsa imangoonetsa dzina la kampani n'kuima pomwepo, ndipo nthawi zina imazima n'kuyakanso yokha. Mnyamata wina wokonza mafoni pamsika wandiuza kuti ndipite nayo akaifulashe. Kodi ndipite nayo? Nanga zithunzi zanga zipulumuka?

Mayi wa ku Mchinji

YANKHO

Zikomo kwambiri mayi chifukwa cha kalata yanu, ndipo pepani ndi nkhawa imene muli nayo, pakuti zithunzi za kholo limene linatisiya si chinthu choti munthu angakagule china kusitolo. Pempho langa ndi lakuti musapite nayo kaye kokafulasha. Kufulasha, monga mmene okonza mafoni ambiri amachitira, ndi kuchotsa pulogalamu yaikulu imene imayendetsa tabuleti, yotchedwa Android, n'kuikamo ina, ndipo kawirikawiri zonse zimene munasungamo zimapita limodzi ndi yakaleyo. Tabuletiyo ikhoza kudzuka ola lisanathe, koma idzadzuka yopanda kanthu. Musakhulupirirenso munthu amene angakuuzeni kuti zithunzizo adzazibweza pambuyo pake. Matabuleti amene anatuluka ndi Android 10 ya m'chaka cha 2019, kapena ina yotsatira, amasunga mafayilo atawatsekera ndi kiyi wachinsinsi, ndipo tabuleti ikafufutidwa kiyiyo amawonongeka, kotero kuti ngakhale katswiri sangawerenge zotsalira. Pakali pano zithunzi zanu zikadali m'menemo. Chimene chatsekeka ndi khomo lolowera, ndipo pali zinthu zingapo zosafufuta kanthu zimene muyenera kuyesa muli pakhomo panu.

Dzina la kampani limene mukuliona limaonetsedwa ndi kapulogalamu kakang'ono kamene kamadzuka koyamba, ndipo ntchito yake ndi kudzutsa Android n'kuisiyira tabuleti. Android ikalephera kunyamuka, chithunzicho chimangokhala pomwepo, kapena tabuleti imazima n'kuyambiranso. Kwa inu chikaiko chikugwera pa zinthu ziwiri: pulogalamu yatsopano imene inadukizidwa isanamalize kulowa, ndi batire limene linatheratu moto.

Yambani ndi moto, chifukwa ambiri amaupeputsa pamene ndi umene umachititsa mavuto ambiri a mtundu uwu. Pa nthawi yoyaka tabuleti imakoka mphamvu yambiri kuposa pamene mukungowerenga mauthenga, ndipo batire lofooka limakwanitsa kuonetsa dzina la kampani koma limagonja Android ikayamba kunyamuka. Tengani tchaja yanu muwerenge timalemba tating'ono timene tili pambali pa mawu akuti Output. Matchaja ambiri a mafoni ang'onoang'ono amalembedwa 5V 1A kapena kucheperapo, pamene tabuleti imafuna 2A kapena kuposerapo. Chingwe nachonso chili ndi mbali yake, popeza zingwe zopyapyala zotsika mtengo zimataya mphamvu panjira ngakhale mutu wa tchaja utakhala wabwino. Bwerekani tchaja ndi chingwe chodalirika, muisiye tabuleti pamoto ili yozima kwa maola awiri osaigwira. Ngati mumadalira sola, chitani zimenezi masana dzuwa lili paliwombo, osati madzulo batire la sola litayamba kutsika.

Suzumiraninso m'kabowo kolowetsa chingwe mutawalitsa ndi tochi. Ine ndinalandirapo tabuleti imene mwini wake anali atailira kale maliro, koma nditatokosa m'kabowoko ndi kamtengo kotokosera m'mano munatuluka kampira ka ulusi ndi fumbi, kolimba ngati njere ya mapira, kamene kankaletsa chingwe kufika kumapeto. Musagwiritse ntchito singano kapena chitsulo chilichonse. Vulaninso chikwama cha tabuletiyo, chifukwa chikwama chothina chimatha kupanikiza batani loyatsira, tabuleti n'kumazima ndi kuyaka ngati yawonongeka.

Mwina mufunsa kuti muizimitsa bwanji pamene sikuyankha. Dinani batani loyatsira pamodzi ndi batani lotsitsira mawu, osasiya, mpaka sikirini itada. Pa matabuleti a Samsung zimenezi zimatenga masekondi opitirira 7, ngakhale kuti kawirikawiri tabuletiyo imayakanso yokha pambuyo pake, pa mitundu ina batani loyatsira lokha limakwanira, ndipo pa Amazon Fire pamafunika masekondi 40. Ikazima, chotsani memori khadi ndi simu khadi. Memori khadi yowonongeka imatha kuimitsa tabuleti poyaka, ndipo kuichotsa kuli ndi phindu lina: n'kutheka kuti zithunzi zina zinkasungidwa m'menemo, ndiye mukhoza kuziona poiika m'foni ina kapena mu kompyuta. Foniyo ikakufunsani ngati mukufuna kuifomata khadiyo, kutanthauza kufufuta zonse zimene zili m'menemo, kanani. Funso limenelo limabweranso ngati khadi inamangirizidwa ku tabuleti monga mbali ya malo ake osungira zinthu, ndipo khadi yotere imawerengeka mu tabuleti yokhayo basi.

Maola awiri aja akakwana, iyatseni ili pamoto ndipo muilezere mtima. Tabuleti imene yangolandira pulogalamu yatsopano imachedwa kuyaka ulendo woyamba, makamaka ikakhala yakale ndiponso yodzaza, ndipo anthu ena amaiwononga okha poizimitsa pakatikati poganiza kuti yaima. Ipatseni mphindi 20 kapena 30.

Pali njira ina yotchedwa Safe mode, imene imayatsa tabuleti popanda mapulogalamu amene munachita kuikamo nokha. Pa matabuleti ambiri mumadina batani lotsitsira mawu dzina la kampani likangooneka, osasiya mpaka itamaliza kuyaka, ndipo mawu akuti Safe mode amaoneka pansi kumanzere. Imathandiza kwambiri pamene vuto layamba ndi pulogalamu yopatsirana ndi anzanu imene gwero lake silikudziwika. Pa nkhani yanu sindikuikira mtima kwambiri, koma kuyesa sikuwononga kanthu, ndipo ikangotseguka musataye nthawi: koperani zithunzi zonse nthawi yomweyo.

Zonsezi zikakanika, pali chipinda chakumbuyo chotchedwa Recovery, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge mofatsa, chifukwa mankhwala ndi poizoni zili pa alumali imodzi. Tabuleti ili yozima, dinani batani loyatsira pamodzi ndi lokwezera mawu mpaka mutaona mndandanda wa mawu ang'onoang'ono pa sikirini yakuda. Matabuleti ena atsopano a Samsung amalola zimenezi pokhapokha atalumikizidwa ndi chingwe ku kompyuta. Mukaona kachidole ka Android katagona chagada ndi mawu akuti "No command", musachite mantha. Gwirani batani loyatsira, kenako dinani lokwezera mawu kamodzi, mndandanda utuluka. M'chipinda chimenechi chala sichigwira ntchito pa sikirini. Mumayenda ndi mabatani a mawu, ndipo mumasankha ndi batani loyatsira.

Mzere umene mukufuna ndi wakuti "Wipe cache partition". Umenewu umangochotsa timafayilo tongoyembekezera timene tabuleti imadzipangira yokha, ndipo sukhudza zithunzi kapena mauthenga anu. Mukatha musankhe "Reboot system now". Matabuleti ena atsopano alibe mzere umenewu, ndipo ngati simukuuona, ingosankhani kuyatsanso. Pafupi pomwepo pali mzere wina woyamba ndi mawu omwewo, wakuti "Wipe data/factory reset", ndipo umenewo ndiwo umafufuta zonse. Werengani kawiri musanadine, ndipo ngati ana akukuthandizani, muwauze zimenezi asanaigwire. Nthawi zina tabuleti imafika yokha pa sikirini yonena kuti yalephera kutsegula Android, n'kukupatsani zosankha ziwiri, "Try again" ndi "Factory data reset". Sankhani yoyambayo, ngakhale kangapo.

Tsopano ndikufuna tikambe za achimwene anu, chifukwa m'kalata yanu yonse mfundo yakuti tabuleti inayamba yakhala m'manja mwawo ndi imene ingakupulumutseni kapena kukutsekerani kunja. Aimbireni muwafunse kuti akaunti ya Google imene ili mu tabuletiyo ndi ya ndani. Ngati pulogalamu ya Google Photos inali yololedwa kusunga zithunzi pa intaneti, mukhoza kulowa mu akauntiyo pa foni ina n'kupeza zithunzi za mayi anu zili bwinobwino, ndipo mtima wanu ukhala pansi musanachite china chilichonse. Dziwani kuti pulogalamuyi kawirikawiri imatumiza zithunzi pokhapokha tabuleti ili pa Wi-Fi, choncho ngati mumangodalira bandulo, n'kutheka kuti zaposachedwa sizinapite. Funsaninso abale ndi mamembala a gulu ngati munawatumizirako zithunzi pa WhatsApp, pakuti nthawi zambiri zimene timaziyesa zotayika zimakhala zili m'foni ya mlamu kapena ya msungichuma.

Akaunti yomweyo idzafunikanso ngati mudzafike pofufuta zonse. Kuyambira pa Android 5.1 ya m'chaka cha 2015, tabuleti yofufutidwa kudzera mu Recovery imakana kutseguka mpaka mutalemba imelo ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google imene inalimo kale. Chitetezo chimenechi anachiika pofuna kugwetsa ulesi akuba, koma chimapweteka anthu ambiri osalakwa amene analandira zipangizo kuchokera kwa abale a ku South Africa kapena anagula zogwiritsidwapo kale ntchito. Ngati achimwene anu anaiwala mawu achinsinsi ndipo awasintha, dikirani maola 24 musanafufute tabuleti, chifukwa mawu atsopano amatha kukanidwa nthawi imeneyo isanakwane.

Mukaona kuti zapakhomo zonse zalephera, pitani kwa wokonza, koma mupite mukudziwa choti munene. Sindikunyoza anyamata a pamsika, ambiri a iwo ntchito amaidziwa, kungoti kufufuta ndiyo njira yachangu, ndipo kasitomala akapanda kunena kanthu amatenga yomweyo. Muuzeni poyambirira kuti m'tabuletimo muli zinthu zofunika kuposa tabuletiyo, ndipo asafufute kanthu musanavomereze. Mupempheni ayambe wayeza batire, chifukwa kusintha batire sikuchotsa chithunzi ngakhale chimodzi. Ngati afika poikamo pulogalamu, aonetsetse nambala ya mtundu wa tabuleti imene imalembedwa kumbuyo kwake, popeza pulogalamu ya mtundu wina, ngakhale wofanana nawo maonekedwe, ikhoza kuipheratu. Ngati yanu ndi Samsung, mufunseni za fayilo yotchedwa HOME_CSC. Poika pulogalamu ndi chida cha pa kompyuta chotchedwa Odin, fayilo imeneyi imasiya zinthu za mwini wake, pamene inzake yongotchedwa CSC imafufuta. Njirayi siigwira nthawi zonse, koma pa vuto lobwera ndi pulogalamu yodukizidwa ndi yoyenera kuyesedwa poyamba, ndipo wokonza amene sakuidziwa kuli bwino mumuthokoze n'kukafunsa wina. Memori khadi ndi simu khadi zitsale kunyumba.

Owerenga amene ali ndi iPad yoima pa chizindikiro cha Apple adziwe kuti mfundo yake ndi yomweyi. Mukailumikiza ku kompyuta n'kuilowetsa mu Recovery, kompyuta imafunsa ngati mukufuna Update kapena Restore. Yoyambayo imaikanso pulogalamu osafufuta zanu, pamene yachiwiriyo imachotsa zonse.

Pali zizindikiro ziwiri zosonyeza kuti vuto lili m'zitsulo osati mu pulogalamu. Goneketsani tabuleti pa tebulo losalala n'kuiyang'ana cham'mbali. Ngati ikugwedera, kapena sikirini yayamba kutukuka m'mphepete, ndiye kuti batire latupa. Ichotseni pamoto nthawi yomweyo, musaipanikize kapena kuiika pansi pa pilo, ndipo muitengere kwa wokonza ili yozima, chifukwa batire lotupa limatha kuyaka. Chizindikiro chachiwiri chimaoneka kwa wokonza: pulogalamu ikamakana kulowa, kapena tabuleti ikadzuka n'kubwereranso m'vuto lomwelo patapita masiku ochepa, kawirikawiri chimakhala kuti kachipangizo kosungira zinthu kamene kanawotcheredwa pa bolodi la m'kati mwa tabuleti katopa. Kusintha kameneko pa tabuleti yakale kumadula mwina kufanana ndi kugula ina yogwiritsidwapo ntchito, choncho musalipire kufulasha kachiwiri ndi kachitatu pa vuto limene kufulasha sikungachize.

Za kaundula wa gulu, kauzeni apampando ndi msungichuma sabata ino zimene zachitika, kuti pa msonkhano wotsatira aliyense adzabwere ndi kabuku kake mudzafananize masheya ndi ngongole ndi buku lalikulu, tabuleti idzuke kapena isadzuke. Mukayesa zimene ndafotokozazi mundilemberenso, ndipo mutchule nambala ya kumbuyo kwa tabuleti komanso mawu enieni amene mwawaona pa sikirini yakuda ija.