Msuweni, za kickdown ya galimoto ya Chevrolet C10 ija imva kuno

Eee, msuweni, uthenga wako ndauona. Ndikuyankha ndi mawu, zolemba sindingazithe izi. Wafunsa kuti pa swichi ya kickdown ija, imene imatsitsa giya ukaponda moto mpaka pansi, pali timapini tiwiri, ndiye waya uti upite pati. Chabwino. Koma iwe ndimakudziwa. Si mawaya akukusowetsa tulo. Sabata yatha unati pa chitunda ukaponda moto imangoti huuu, osatsika giya, lero wayamba kufunsa mwaulemu chonchi. Iwe ukuopa kuti giyabokosi yafa, ndipo ukufuna wina akuletse kugulitsa galimoto ya agogo. Ndanama?

Dikira kaye, ndikuuze za amalume, chifukwa waya ukuuona ukulendewera pansi pa dashibodiyo ndi ntchito yawo. Iwe unali wamng'ono. Ayi, unali usanabadwe... ayi unalipo, ndi nthawi ija unkalira ukangomva injini ikulira. Swichi yeniyeni ya pa pedulo itathyoka, amalume anati sagula ina. Anatenga waya pa fyuzi ya wailesi, n'kuika kaswichi kamanja pafupi ndi chiwongolero, waya wina n'kutsitsira ku giyabokosi. Akafuna kupitirira galimoto ina ankangoti tcha ndi chala, giya n'kutsika, iwo n'kumatiyang'ana kumbuyo kuti mwaona? Ndipo zinkagwiradi, asamanamiziridwe.

Tsiku lina anakaiwala kali koyatsa. Mayo ine. Galimoto inkakuwa mu giya yoyamba mpaka aliyense kugwira mpando, kenako gu! kulowa yachiwiri ngati yagundidwa kumbuyo. Amalume anaweruza pompo kuti giyabokosi yatha. Anagona pansi pake tsiku lonse. Anasintha modulator, kachida kothandiza giyabokosi kudziwa nthawi yosinthira giya, anasintha kapaipi kake ka vacuum, osasintha kanthu. Anamasula pani, chivundikiro cha pansi pa giyabokosi, oyilo yense thoo pa shati ija anapatsidwa ndi azakhali, ukudziwa zimene zinatsatira, sindibwereza, ali m'gulu momwe muno. Ndiye madzulo, kiyi ali on, mchemwali wako anakwera kutsogolo kukasewera n'kuyamba kutembenuza kaswichi kaja. Amalume ali pansi akungomva tcha, tcha, pafupi ndi khutu lawo. Anakhala chete nthawi yaitali. Atatuluka anati aipeza okha nthenda. Anadula waya, kukulunga tepi, ndipo kuyambira pamenepo galimotoyo ilibe kickdown. Mpaka lero.

Eya, tsono... ndinali pati? Ya. Choyamba lowa pansi uone giyabokosi imene ilimo, chifukwa galimoto yadutsa m'manja ambiri iyi. Ya kickdown ya magetsi ndi TH400, Turbo-Hydramatic 400, imene General Motors anayamba nayo mu 1964. Uiona ndi kapulagi ka waya mbali ya kumanzere, pamwamba pang'ono pa pani. TH350, ya 1969, kickdown yake ndi ya kebulo, imachokera ku kabureta n'kukalowa mbali ya kumanja. Usadalire mabawuti a pani posiyanitsa ziwirizi, zonse ziwiri ali 13. Ona kaumbidwe: ya 350 ndi yangodya zinayi koma ngodya imodzi yodulidwa, ya 400 ndi yokhotakhota. Ukapeza mabawuti 16, mwina imeneyo ndi 700R4, ndipo usakhudze kebulo yake usanandiimbire, chifukwa imeneyo imayendetsanso presha ya oyilo, ukaichuna molakwika makalachi amapsa. Koma ine ndikukumbukira kuti ndi 400.

Funso lako lija: mapini awiriwo alibe kuti ili ndi la uku. Swichiyo imangotseka ndi kutsegula njira ya magetsi. Pini limodzi tenga 12 volts pa bokosi la mafyuzi, pamalo pamene pamabwera moto kiyi akakhala on basi, ndipo padutse pa fyuzi. Osatenga pa batire mwachindunji, wamva? Pini linalo waya wake upite ku kapulagi ka pa giyabokosi. Waya wa earth sufunika, solenoid ya m'katimo, kachida ka magetsi kotsitsa giya, imathera pa chitsulo cha giyabokosi momwemo. Mitundu ya mawaya usaikhulupirire, amalume ankalumikiza uliwonse umene ali nawo m'thumba, gwiritsa babu loyesera. Podutsa pa chitsulo cha kutsogolo ika kalabala kuti waya asadyeke, ndipo umange patali ndi ekisozi.

Ukapeza kapulagi ka mapini awiri ku giyabokosiko usadabwe, ena a zaka zoyambirira za m'ma 1970 ali choncho, pini linalo ndi la zina. Apa ndi pamene nkhani ya mchemwali wako ikuthandize. Injini yozima, handibuleki yokoka, matayala otsekereza ndi miyala, gusa 12 volts pa pini, umvetsere. Limene lanena tcha m'kati mwa pani, ndi lomwelo.

Tsono chimene ndikufuna umve ndi ichi, msuweni. Giyabokosi imene ikusintha bwino wani, thuu, firii, koma osatsika ukaponda moto wonse, siinafe. Palibe chimene chikuiuza kuti phazi lafika pansi. Ntchito ya swichi ndi imeneyo basi. Ikatsika kuchoka yachitatu kupita yachiwiri, uimva mphamvu pa chitunda paja. Ndipo magetsiwo azifika pokhapokha pedulo ili pansi penipeni. Akamafika nthawi zonse, ndiye za amalume zija, kusintha mochedwa ndi kugunda.

Ndiye usanayende nayo, ika babu pa waya wopita ku giyabokosi, kiyi on, injini yozima. Ponda theka, babu likhale lozima. Ponda mpaka pansi, liyake. Chotsa phazi, lizime. O, ndi china, ndikanaiwala: wina aponde pedulo iwe ukuyang'ana pa kabureta ngati ikutsegukadi yonse. Kapeti wokhuthala uja unaika kuti uzioneka bwana amatha kuletsa pedulo kufika, swichi osakhudzidwa n'komwe.

Ndikubwereza, chifukwa iwe umamvera mauthenga ukuchita zina: giyabokosiyo ndi yamoyo, ikusowa waya mmodzi ndi swichi yochunidwa bwino. Moto upite phazi likafika pansi, likachoka uzime. Ukakayesa, yesa pa msewu wowongoka wopanda anthu, oyilo utamuyang'ana kale injini ikulira ili pa Park.

Ndipo amene akukuvutitsa kuti umugulitse uja umuuze adikire. Siinafe, msuweni. Nditumizire chithunzi cha pani ndi cha kapulagiko usanadule waya uliwonse.