CCNA kaye, kapena ndikayambe ntchito yongodzipereka?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba. Wamaliza dipuloma ya zamakompyuta, amalume ake amulonjeza kangachepe, ndiye akufunsa: alembe mayeso a CCNA, setifiketi ya zolumikiza makompyuta pa netiweki, kapena apite kukampani ina yolumikiza intaneti yomwe yavomera kumulandira koma popanda malipiro?

Achimwene, pitani kukampaniko. Ndalama za amalumezo zikhale za minibasi ndi nkhomaliro.

Mayeso a CCNA, aja a nambala 200-301 a kampani ya Cisco, mtengo wake ndi madola 300 a ku America. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola si yoseweretsa. Mukalephera, ndalama zalowa m'madzi, kulembanso n'kulipiranso. Chinanso, pepalali limatha mphamvu pakapita zaka 3. CompTIA A+, setifiketi ina ya zokonza makompyuta, ndi chimodzimodzi, ndiponso mayeso ake ndi awiri. Ndiye taganizani mwakhoza lero, n'kutha zaka ziwiri mukuzungulira ndi envelopu m'tauni.

Pa ofesi ina yomwe ndinkagwira, tsiku lina tinkayesa anthu ofuna ntchito. Woyamba anabwera ndi masetifiketi atatu okutidwa bwino ndi pulasitiki. Tinamupatsa laputopu yokana kulowa pa netiweki, adilesi yake ikuyamba ndi 169.254, chizindikiro choti netiweki sinaipatse adilesi. Mkuluyo anayamba kutilakatulira magawo 7 a OSI, chiphunzitso cha m'buku cha mmene netiweki imagwirira ntchito, thukuta lili kamukamu. Kenako panalowa mtsikana amene anakhalapo chaka ndi theka pa intaneti kafe. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "DHCP sikuyankha apa." DHCP ndi yomwe imagawa maadilesi kwa makompyuta pa netiweki. Mtsikanayo anatsatira waya mpaka pa switch, kabokosi kolumikiza makompyuta a mu ofesi, n'kupeza kuti wina anazula chingwe chopita ku rauta, chida cholumikiza netiweki ya ofesi ndi intaneti. Ntchito inapita kwa iyeyo.

Sikuti pepala n'lachabe ayi. Kumabanki, kumakampani a foni ndi kumabungwe akuluakulu, oyamba kusefa makalata amakhala a HR, oona zolemba anthu ntchito, ndipo ambiri a iwo switch ndi rauta amaziona ngati chinthu chimodzi. Amangosaka ngati zilembo zija zilipo pa CV. N'chifukwa chake CCNA mudzalembe ndithu, koma patatha miyezi ingapo manja atada kaye. Nthawi imeneyo subnetting ndi VLAN, njira zogawira netiweki m'zigawo, zidzakhala zinthu zoti munalimbana nazo kasitomala ali chilili kumbuyo kwanu.

Pakadali pano tsitsani Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera kulumikiza netiweki pakompyuta, ndi yaulere mukalembetsa ku Cisco Networking Academy, muziyeserera madzulo magetsi akalola. Mafunso obera aja amati dumps asiyeni, amaululika pa intavyu. Ngati mtima uli pa kulemba mapulogalamu, nkhani ndi ina: kumeneko amafunsa zomwe munaika pa GitHub, tsamba la pa intaneti loikapo mapulogalamu omwe mwalemba.

Musanayambe kukampaniko, gwirizanani ndi abwana kuti mukhala miyezi ingati, komanso kuti pomaliza adzakulemberani kalata ya umboni. Ena amangosandutsidwa otumidwa kukagula mandazi. Mukaona amisiri akunyamula makwerero kupita kukamanga dishi padenga, dzukani munyamule bokosi la zida, musadikire kuitanidwa.