Kodi makhadi a baseball a malemu apongozi anu muwatumize kukayezedwa?

Mayi wina amene amakhala ku Indiana, m'dziko la America, wandilembera kalata pa imelo. Akuti apongozi ake aamuna atamwalira, banja linapeza bokosi la makhadi a baseball, omwe ndi makhadi a zithunzi za osewera masewerawa amene anthu amatolera, ochuluka a zaka za 1988 mpaka 1992, kuphatikizapo la wosewera Ken Griffey Jr. la kampani ya Upper Deck la 1989, ndi ochepa a kampani ya Topps a m'ma 1950 amene malemuwo ankatolera ali mwana. Akufunsa ngati kuli koyenera kutumiza onse kwa akatswiri oyeza makhadi asanawagulitse.

Mayi, pepani ndi zovutazo. Yankho langa ndi lakuti musatumize onse, chifukwa ndalama zoyezetsera ambiri mwa makhadiwo zidzaposa mtengo umene mungawagulitse.

Makampani odziwika pa ntchitoyi ndi PSA, imene inayamba mu 1991, Beckett ndi SGC. Amayamba atsimikiza kuti khadi ndi lenileni, kenaka amalipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10 poyang'ana ngodya zake, m'mphepete mwake, pamwamba pake, ndiponso ngati chithunzi chinakhala pakatikati posindikiza. Akatero amalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kolimba kokhala ndi nambala yake. Mumalipira khadi lililonse palokha, ndipo malipirowo amakwera molingana ndi mtengo wa khadilo, kuwonjezerapo positi ndi inshulansi. Kudikira nakonso kumatha kutenga miyezi, moti mu 2021 PSA inaimitsa kwa kanthawi kulandira makhadi ambiri chifukwa ntchito inali itaunjikana.

Vuto la makhadi a 1988 mpaka 1992 ndi kuchuluka kwake. Pa nthawiyo Topps, Fleer, Donruss, Score ndi Upper Deck anasindikiza makhadi osawerengeka, ndipo anthu, poganiza kuti adzalemera nawo, anawasunga mosamala m'nyumba zawo, kotero kuti lero sasowa ngakhale pang'ono. Pa gulu limeneli, la Griffey lokha ndi limene ndingaliganizire, koma nalonso mosamala. Khadili ndi limodzi mwa amene ayezedwa kwambiri, ndipo mtengo wabwino uli pa malikisi 10. Likatsikira pa 8, phindu limachepa kwambiri mukachotsera zimene mwalipira. Liunikeni pa nyale yowala ndi galasi lokulitsira zinthu. Ngati ngodya imodzi yayera kapena yafooka, kapena malire oyera a mbali imodzi ndi aakulu kuposa a mbali inayo, musayembekezere 10. Kenaka onani pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo imene makhadi otere anagulitsidwa kale, osati imene ogulitsa akutchula, pakuti munthu angathe kutchula mtengo uliwonse umene wafuna.

Kumene ndikufuna muikepo mtima ndi ku makhadi a m'ma 1950. Ana a nthawi imeneyo ankasewera nawo, ena ankawamangirira ku masipoko a njinga, ndipo ambiri anatayidwa poyeretsa m'nyumba, n'chifukwa chake otsala ali bwino ndi osowa. Khadi la Mickey Mantle la Topps la 1952, limene SGC inalipatsa 9.5, linagulitsidwa madola 12.6 miliyoni mu 2022. Limenelo ndi lapadera zedi, komabe khadi la wosewera wotchuka ngati Mantle, Willie Mays kapena Hank Aaron limapeza ogula ngakhale litapatsidwa malikisi 2 kapena 3. Apa chimene mukulipirira kwenikweni ndi umboni wakuti khadilo ndi lenileni, chifukwa achinyengo ndiponso osindikizidwanso pambuyo pake ndi ambiri, ndipo wogula amene sakukudziwani sangatulutse ndalama zambiri pongoona chithunzi. Koma makhadi a osewera osatchuka amene ali opindika angathe kugulitsidwa pamodzi osayezedwa.

Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musapukute khadi ndi madzi, musalisite, ndipo musadule m'mphepete kuti muwongoke. Oyeza akaona kuti khadi lasinthidwa, amakana kulipatsa malikisi, ndipo mtengo wake umagwa. Dziwaninso kuti oyezawo ndi anthu ndipo amalakwitsa. Khadi loyamba limene PSA inayeza, la wosewera Honus Wagner la m'gulu la makhadi akale kwambiri lotchedwa T206, linapatsidwa 8, koma patapita zaka wamalonda Bill Mastro anavomera kuti anali atalidula m'mphepete. N'chifukwa chake ogula odziwa amaunika khadi lenilenilo, osangodalira nambala yolembedwa pamwamba.

Musanatumize chilichonse, khalani pansi ndi bambo a kunyumba musankhe makhadi amene akufuna kusunga pokumbukira bambo awo. Amenewo safunika malikisi. Kathumba ka pulasitiki kofewa, chotetezera cholimba ndi malo ouma osafika dzuwa n'zokwanira. Pa otsalawo, jambulani a m'ma 1950 kutsogolo ndi kumbuyo, mulembe dzina la wosewera, chaka ndi nambala ya khadi lililonse, ndipo muyambe ndi kutumiza awiri kapena atatu a osewera otchuka okha.