Mayi wa ku Namwera afunsa: n'chifukwa chiyani mafilimu amakonda uve?

Mayi wina wa ku Namwera wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa fomu 4 anabwera ndi filimu ya ku South Korea yotchedwa Parasite, ndipo iwo anadzuka pakati pomwe ataona zam'chimbudzi zikusefukira m'nyumba, mtsikana atakhala pamwamba pa chimbudzicho n'kumasuta fodya. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi amaperekeranji mphoto ku zonyansa chonchi? Mafilimu aukhondo anatha?"

Mayi, mphotozo zinaperekedwadi. Filimuyi, yomwe anakonza Bong Joon-ho, inapambana pa chionetsero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2019 ndipo mu 2020 inakhala filimu yoyamba yosakhala ya m'Chingerezi kutenga mphoto ya ku America ya Oscar ya filimu yopambana zonse. Koma mukanapirira pang'ono mukanaona kumene uvewo umalowera.

Katswiri wa zachikhalidwe Mary Douglas, yemwe anachita kafukufuku pakati pa Alele ku Congo, analemba mu 1966 kuti uve ndi chinthu chimene chili pamalo posayenera. Usipa uli pathandala ku Makawa ndi ndalama, usipa womwewo pabedi ndi uve. Ife tikudziwa kale zimenezi. Nkhani za mdulo, za wotentha ndi wozizira, za amene saloledwa kuthira mchere m'ndiwo, sizinena za tizilombo toyambitsa matenda ayi. Zimanena za malire, kuti uyu akhudze ichi, uyu asakhudze. Msilamu amene wachita wudhu sanasambe chifukwa cha thukuta lokha.

Wokonza filimu akafuna kuonetsa malire amene anthu aikirana, uve ndi chida chachangu, chifukwa woonera amanyansidwa asanaganize n'komwe. Mu Parasite banja losauka limakhala m'chipinda chokumbika pansi, lolemera limakhala paphiri. Mvula imodzi yomweyo ikagwa, osauka agona m'holo pamodzi ndi anthu ena othawa madzi, pamene mayi wolemera m'mawa mwake akuyamikira pafoni kuti mvula yayeretsa mpweya. Ndiye pali fungo. Bwana wa banja lolemeralo amakonda dalaivala wake, yemwe ndi bambo wa banja losauka lija, amati amadziwa malire ake, koma amadandaula kuti fungo lake lokha ndi limene limadumpha malirewo. Fungolo silichoka ndi sopo, ndi fungo la kumene munthuyo amagona. Pomaliza magazi akukhetsedwa bwanayo atatseka mphuno. Ine ndimaona kuti chonyansa chenicheni m'filimu yonseyi ndi kutseka mphunoko, osati chimbudzi chija.

Si anthu a ku Korea okha amachita izi, Mayi. Ousmane Sembène wa ku Senegal, mu filimu yake Xala ya mu 1975, anaonetsa mkulu wabizinesi amene opemphapempha pakhomo pa ofesi yake amamunyansa mpaka apolisi kuwasesa ngati zinyalala. Galimoto yake imatsukidwa ndi madzi a m'botolo ochokera kunja. Kumapeto opemphawo alowa m'nyumba mwake, iye avula, iwo amulavulira malovu kuti achire. Woonera amatsala akudzifunsa kuti wodetsedwa anali ndani chiyambire. Kwathu kuno Shemu Joyah mu The Road to Sunrise ya mu 2017 anaika pakati amayi oyendayenda a mu Blantyre, anthu amene masana timawaloza chala ngati uve wa mzinda.

Mafilimu aukhondo amene mukuwasowawo nawonso anali ndi owasesa. Ku America malamulo a Hays Code, amene anayamba kutsatidwa mwamphamvu mu 1934, anachititsa kuti ngakhale chimbudzi chisamaoneke, moti Alfred Hitchcock atachionetsa chikugejemulidwa mu Psycho mu 1960 inali nkhani. Malamulowo anatha mu 1968, chaka chomwecho Malawi anakhazikitsa lamulo lake lounika mafilimu ndi mabuku, ndipo nthawi ya Kamuzu ngakhale kupsompsonana ankakudula.

Komabe sindikuikira kumbuyo filimu iliyonse. Ambiri mwa mafilimu amene amaonetsedwa m'mavidiyo sho a kwa M'baluku kapena ku Monkey Bay, magazi ake ndi okopera makasitomala basi. Mutu waduka, DJ womasulira waponyapo nthabwala, ana aseka, ndipo ukachotsa chiwonetserocho nkhani siisintha. Poyesa filimu ine ndimafunsa zimenezo: uve umenewu ukachotsedwa, chatayika n'chiyani? Mu Parasite mukachotsa fungo ndi madzi a m'chimbudzi, palibe filimu yotsala.

Za mwana wanuyo, dziwani kuti ku America filimuyi anaiika m'gulu limene wosakwana zaka 17 amaonera ali ndi wamkulu, chifukwa muli zogonana ndiponso kubayana. Ang'ono ake asaonere. Iyeyo muonereni limodzi kuyambira pomwe munadzukapo, kenako mumufunse kuti n'chifukwa chiyani dalaivala uja anabaya bwana wake pomwe amene anapha mwana wamkazi wa dalaivalayo anali munthu wina.